Omasulira a Pakati pa Japan ndi Spain

Abale ambiri a mumpingo wathu muno m'Govan amapita ku nchito m'mamawa kudzera m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, osadziwa kuti pa gombe lomwelo panagwirapo nchito mlendo wina wocokera kutali koposa ife. Dzina lace ndiye Yamao Yozo, munthu wa ku Japan. Anafika ku Glasgow m'caka ca 1866, nalembedwa monga wophunzira nchito pa malo okhomera zombo a Robert Napier, amene anali kuno ku Govan. Usana anali pa zombo pamodzi ndi anyamata a kuno, ndipo madzulo anali kupita kukaphunzira ku Anderson's College, sukulu yomwe ija anaphunzirako David Livingstone zaka 30 m'mbuyo mwace. Anabwerera kwao m'1868, nakhala mmodzi wa akuru amene anautsa nchito za makina m'dziko la Japan. Kunenedwa kuti m'phokoso la nyundo la kwa Napier anaona anchito ogontha alikulankhulana ndi manja, ndipo sanaiwale; atafika kwao anadandaulira boma kuti akhungu ndi ogontha akhale ndi sukulu zao.

Koma cimene tifuna kuti mucisamalire ndi ici: Yamao anacoka kwao mobisala. M'1863 iye ndi anzace anai anakwera combo pa Yokohama monga anthu othawa mlandu, pakuti lamulo la dziko lao, loikidwa m'1635, linati munthu wa ku Japan wotuluka m'dziko, kapena wobwerera atakhala kunja, aphedwe. Lamulo lotere silimera lokha ngati bowa. Linabadwa m'zaka zoposa 90 za kukomana kwa Ajapani ndi Apwitikizi ndi anthu a ku Spain, ndipo m'zaka zonsezo mau a malonda, mau a mafumu, ndi mau a Mulungu omwe, anali kudzera pakamwa pa anthu owerengeka, ndiwo omasulira. Mbiri yao ndiyo tifuna kuilongosola mwezi uno, pakuti ife tomwe tiri anthu odalira omasulira: ku cipatala, kwa loya, ku ofesi ya boma, ngakhale m'chalichi tsiku la Mulungu pamene mlendo alalikira m'Cingerezi.

Woyamba wa iwo ndiye Anjiro, wa ku Kagoshima kum'mwera kwa Japan. Sanali munthu wa mabuku. Anathawa kwao pa combo ca Apwitikizi atapha munthu, ndipo ku Malacca, m'December 1547, anakomana ndi Francis Xavier, wansembe wa gulu la Ajesuiti, mbadwa ya ku Navarre kumpoto kwa Spain. Anjiro anali atatola Cipwitikizi ca pa zombo. Anabatizidwa ku Goa, ndipo pa 15 August 1549 anatsikira pa Kagoshima pamodzi ndi Xavier ndi anthu ena awiri a ku Spain, Cosme de Torres ndi Juan Fernandez. Azunguwo anali ngati makanda, pakuti sanali kumva kanthu. Pakamwa pao ndi makutu ao anali Anjiro.

Funso loyamba linali lomwe lija limabvuta paliponse pamene Uthenga ufika kwatsopano: kodi Mulungu timchule ndani? Anjiro anati, Dainichi. Sanali kunama iai. Pakati pa anthu a cipembedzo ca Buddha, a mbali yochedwa Shingon, Dainichi ndiye woposa onse ndi gwero la zonse, ndipo dzinalo litanthauza Dzuwa Lalikuru. Munthu wamba wofunsidwa dzina la Wamkurukuru akanachulanso ndani? Tsono Xavier anayenda m'misewu pafupifupi zaka ziwiri alikuuza anthu kuti apembedze Dainichi. Ku Yamaguchi ansembe a Shingon anamlandira ndi manja awiri, poyesa kuti mlendo wocokera ku India, kwao kwa Buddha, wadza ndi nthambi yina ya cipembedzo cao comwe. M'1551, atawafunsitsa za Utatu Woyera ndi za mtanda, anazindikira kuti iye ndi iwo alikunena zinthu ziwiri zosiyana ndi dzina limodzi. Pamenepo anatuma Fernandez, amene tsopano anali atacigwira Cijapani, kuti abwerere m'misewu momwemo kukapfuula kuti anthu aleke kupembedza Dainichi. Tangoganizani anthu a m'mudzimo, kumva munthu yemweyo dzulo alikuti pembedzani, lero alikuti lekani!

Cifukwa ca kupsa kumeneko Xavier anaopa maina onse a eni dziko, natenga liu la Cilatini lakuti Deus. Ajapani analichula Deusu, ndipo adani ace sanacedwe kuona kuti likumveka ngati dai uso, ndiko kunena bodza lalikuru. Otsata m'mbuyo mwace anadzaza ciphunzitso ndi mau acilendo a mzimu, cisomo, paradiso ndi ena otere, kotero kuti Mkristu wa ku Japan anali kupemphera ndi mau amene mnansi wace sanathe kuwamva. Ife tiona kuti colakwa ca Anjiro sicinali kupelewera kwa mau. Mau anali nao. Cimene cinamsowa ndico kudziwa kumene liu lacokera ndi katundu amene lasenza, kumbali ya kwao ndi kumbali ya alendo komwe.

Nkhani imeneyi si yacilendo kwa ife. Makolo athu anali ndi maina ambiri, Mulungu, Cauta, Mphambe, Leza, Namalenga, ndipo amishoni a ku Scotland ndi a ku South Africa anayenera kusankha. Iwo anacita mwai, pakuti anakhala nthawi yaitali ndi akuru a m'midzi nafunsitsa. Buku lalikuru lomasulira mau a Cimang'anja la David Clement Scott, la m'1892, licitira umboni kufunsa kumeneko. Buku Lopatulika la m'1922 linagwira Mulungu ndi Yehova. Koma pamene Buku Loyera linatuluka m'1998, pa malo pa Yehova panalembedwa Cauta, ndipo alipo akuru pakati pathu amene khutu lao silinazolowerebe. Mlandu wa dzina sutha msanga.

Tibwerere ku Japan. Anthu a ku Spain atakhazikika pa Manila m'1571, anayamba kufika ku Japan kucokera kumeneko, makamaka ansembe a gulu la Afransisko. M'1593 bwanamkubwa wa ku Manila anatuma Pedro Bautista kwa Toyotomi Hideyoshi, wolamulira dziko lonse la Japan masiku amenewo, ndipo womasulira wace anali Gonsalo Garcia, wobadwira ku India, atate wace Mpwitikizi ndi amai wace Mmwenye, amene anakhala zaka zambiri ku Japan monga mthandizi wa ansembe ndiponso wamalonda. M'1596 combo cochedwa San Felipe, cocokera ku Manila kunka ku Mexico ndi cuma cambiri, cinasweka pa gombe la Tosa. Potsutsana za katundu wa m'combomo, mbiri inafika kwa Hideyoshi yakuti mmodzi wa oyendetsa combo wanena kuti mfumu ya ku Spain imatsogoza ansembe, ndipo asilikari amadza pambuyo kudzalanda dziko. Ajesuiti analemba nkhaniyo mwa njira yina, Afransisko mwa njira yinanso, yense alikukankhira mnzace, ndipo ophunzira mbiri atsutsana za mau amenewo kufikira lero. Koma cotulukapo cace ncodziwika. Pa 5 February 1597 anthu 26 anapacikidwa pa mitanda ku Nagasaki, ndipo pakati pao panali anyamata atatu ang'ono, ndi womasulira uja Garcia.

Pakati pa mabvuto amenewa panacitika nchito yina yabwino yosaiwalika. M'1603 Ajesuiti ndi Akristu a ku Japan anasindikiza pa Nagasaki buku lomasulira mau a Cijapani m'Cipwitikizi, ndipo pamodzi ndi zoonjezera za caka cotsatira munali mau oposa 32,000. Sanangolemba tanthauzo lokha, koma anasonyezanso liu la akazi, liu la ana, liu la m'mabuku, liu la ku cigawo cakuti, ndi liu losayenera pamaso pa akuru. M'1630 buku lomweli linatuluka m'Cisipanishi ku Manila, losindikizidwa ndi amisiri a komweko, Tomas Pinpin ndi Jacinto Magaurlua. Comvetsa cisoni ncakuti linatuluka khomo litatsekeka kale, pakuti Japan anali atapitikitsa anthu a ku Spain m'1624.

Tsopano tifike pa munthu amene mbiri yace iyenera kutikhalitsa pansi, ndiye Luis Sotelo. Anabadwira ku Seville m'1574, nalowa gulu la Afransisko, naphunzira Cijapani pakati pa Ajapani okhala ku Manila, nafika ku Japan m'1603. Uyu sanali ngati Anjiro. Anali wophunzira, wodziwa zinenero zonse ziwiri, wodziwanso makhalidwe a pa bwalo la mafumu. Anapalana ubwenzi ndi Date Masamune, mwini dziko la Sendai kumpoto, munthu wa diso limodzi koma woona patali. Masamune anali kufuna kuti zombo za ku Mexico zidzikoceza pa madooko ace ndi kumbweretsera malonda. Sotelo anali kufuna ansembe ena a gulu lace, ndi kuti kumpoto kwa Japan kukhale cigawo ca bishopu, ndipo bishopuyo akhale iye mwini. Zofuna ziwirizi zinapakiridwa m'combo cimodzi.

Combo cimeneco cinakhomedwa m'dziko la Masamune, ndipo Azungu anacicha San Juan Bautista. Cinanyamuka pa Tsukinoura pa 28 October 1613 ndi anthu monga 180, wowatsogolera ndiye Hasekura Tsunenaga, nduna ya Masamune. Anafika pa Acapulco m'January 1614, nadutsa dziko la Mexico pamtunda. Ndipo mlembi wina wa eni dziko, dzina lace Chimalpahin, analemba za zobvala zao ndi malupanga ao m'cinenero cace ca Nahuatl, kotero kuti wofuna kudziwa ulendowu wonse zinenero ziwiri sizimkwanira. Owerengeka a iwo anaoloka nyanja yaciwiri nafika ku Spain m'October 1614. Mudzi wa Seville unawalandira ndi ulemu waukuru. Pa 30 January 1615 Hasekura anaima pamaso pa mfumu Philip III ku Madrid. Pa 17 February anabatizidwa mfumuyo iripo, napatsidwa dzina lakuti Felipe Francisco. Ndipo m'November caka comweco anagwada pamaso pa Papa Paul V ku Rome.

Abale, mumganizire Hasekura m'zipinda zimenezo. Iye anali kulankhula, ndipo Sotelo anali kumasulira. Mfumu inali kuyankha, ndipo Sotelo anali kumasulira. Makalata a mbuye wace anawerengedwa monga anawamasulira Sotelo. Ngati panaonjezedwa liu, kapena panasiyidwa liu, iye analibe njira ya kudziwira. M'mapepala a ulendowo Masamune achedwa mfumu ya Voxu, ngati kuti ndi mfumu yoima payokha yokhoza kupangana ndi mfumu inzace. Koma iye anali mwini cigawo cokha, wokhala pansi pa banja la Tokugawa. Ndipo coposa apa, m'ciyambi ca 1614, akazembewo akali m'njira, Tokugawa Ieyasu anali ataletsa Cikristu m'dziko lonse ndi kupitikitsa ansembe. Mbiri imeneyi inafika ku Madrid m'makalata a anthu ena. Tsono akuru a bwalo losamalira maiko a kutsidya kwa nyanja anali kumva nyimbo ziwiri: womasulira alikunena za dziko lofuna Uthenga, makalata alikunena za machalichi ogumulidwa. Anawadyetsa alendowo, nawapatsa pogona, koma pangano la malonda sanalipereke. Ndi ubishopu wa Sotelo womwe unathera m'malere.

Kwathu tidziwa kuti nkhoswe iyenera kukhala munthu wosafuna kanthu ka iye yekha pa ukwatiwo. Nkhoswe ikakhala ndi cace cimene iri kuyang'ana, mau a kucimuna ndi a kucikazi afika okhota, ngakhale osanama konse. Sotelo anali nkhoswe yotere. Komabe sitifuna kumweruza mopepuka, ngati kuti anali wonyenga wamba. Anabwerera ku Japan mobisala m'1622, alikudziwa bwino cimene cinali kumdikira, nagwidwa, natenthedwa ndi moto pa Omura pa 25 August 1624. Munthu wofera cikhulupiriro cace angathe ndithu kusakaniza zofuna zace ndi mau a womtuma, ndipo sitiyesa kuti iye mwini anali kuona pamene panathera mau a Masamune ndi pamene panayambira ace. Hasekura anafika kwao m'1620, zitapita zaka 7, napeza mbuye wace alikuyamba kuletsa Cikristu. Anamwalira patangopita nthawi pang'ono, ndipo mwana wace anaphedwa m'1640 pa mlandu wa kusunga Akristu m'nyumba mwace. Ku Coria del Río, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje kufupi ndi Seville, kuli anthu mazana angapo amene dzina la banja lao ndi Japón, ndipo iwo akhulupira kuti ndi zidzukulu za anthu a ulendowo amene sanabwerere.

Apwitikizi nao anapitikitsidwa m'1639, ndipo mwa Azungu onse anatsala Adachi okha, otsekeredwa pa kacisumbu ka Dejima pa Nagasaki. Cisipanishi cinaiwalika m'Japan, ndi ulendo wa Hasekura womwe. Koma Akristu ena anabisala m'midzi ndi pa zisumbu zaka zoposa 200 opanda wansembe, alikupatsirana mapemphero pakamwa, atate kwa mwana. Pamene ena a iwo anadziulula kwa wansembe wa ku France, Bernard Petitjean, m'chalichi ca Oura pa 17 March 1865, kunapezeka kuti asunga mau a Cilatini ndi a Cipwitikizi opotoka ndi zaka, amene iwo eni sanali kudziwa tanthauzo lace, ndipo Mzungu sakanawazindikira msanga. Mapemphero otere angawamasulire ndani, koma munthu wodziwa cimene ansembe a m'zaka za 1600 anali kuphunzitsa, ndi umo lilime la Ajapani linali kuchulira mau acilendo?

Lamulo loletsa kutuluka litacotsedwa, boma latsopano la Japan linatuma akuru ace kuyendera maiko a Azungu, wowatsogolera ndiye Iwakura Tomomi. M'October 1872 anafika muno m'Glasgow kudzaona nchito za zitsulo ndi zombo za pa Clyde. M'May 1873 anali ku Venice, ndipo kumeneko osunga makalata akale anawaturutsira mapepala okhala ndi dzina la Hasekura, poyesa kuti alendowo akondwera kuona dzanja la mbale wao. Akuruwo anadabwa, pakuti sanali kumdziwa bwino munthuyo ndi ulendo wace. Dziko linali litataya mbiri yace, ndipo mbiriyo inali kugona m'nyumba za eni ace ena, m'zinenero za eni ace ena. Kunafunika munthu wakuti apite akaiwerenge. Amene anacita nchito yaikuru ndiye Murakami Naojiro, amene anayenda m'nyumba zosungira makalata za ku Ulaya alikukopera ndi kumasulira, ndipo zosonkhanitsa zace zinasindikizidwa m'1909 m'mabuku a mbiri a sukulu yaikuru ya ku Tokyo.

Kufikira lero munthu wotere asowa. Omasulira Cijapani m'Cisipanishi alipo ambiri, a malonda a magalimoto, a alendo oona maiko, a mabuku a nthano. Koma mukampatsa mmodzi wa iwo kalata ya Masamune yosungidwa ku Seville, adzaiyang'ana monga ife tiyang'ana mapazi a nkhuku pa mcenga. Malembedwe akale opiringizika, ochedwa kuzushiji, Ajapani ambiri a lero sathanso kuwawerenga, pakuti kuyambira m'1900 sukulu zinasankha maonekedwe amodzi a cilembo ciri conse nkusiya ena. Ndi makalata a alembi a ku Spain a masiku amenewo, odzaza nyumba ya Archivo General de Indias ku Seville, ali ndi dzanja lolumikizana ngati cingwe ndi mau ofupikitsidwa, losautsa ngakhale wobadwira ku Madrid.

Akatha kuwerenga, atsala ndi masiku. Ajapani anali kuwerenga miyezi poyang'ana mwezi wa kumwamba kufikira m'1873, ndipo zaka anali kuzichula ndi dzina la nyengo. Tsiku limene combo ca Hasekura cinanyamuka, kwa iwo linali la 15 la mwezi wa 9 m'caka ca 18 ca Keicho. Womasulira wosadziwa adzalemba 15 September, nalakwa ndi masabata 6. Atsalanso ndi maina, ndipo apa ndipo pali misampha yambiri. Azungu analemba Faxecura kunena Hasekura, Firando kunena Hirado, ndi Voxu kunena Oshu. Sanalakwe makutu, koma masiku amenewo Ajapani anali kuchuladi f pamene lero achula h, ndipo cilembo ca x cinali kuimira sh. Hideyoshi m'makalatawo ndi Taicosama, Ieyasu ndi Daifusama. Pamene mlembi wa ku Spain alemba za mfumu ya mafumu ya ku Japan, kawirikawiri alikunena mkuru wa asilikari wochedwa shogun, pakuti mfumu yeniyeni ya ku Kyoto anali kuicha Dairi. Wosadziwa zimenezi adzamasulira liu liri lonse molondola, ndipo nkhani yonse idzakhala yabodza. Ndico cifukwa cace anthu otere sapezeka m'maofesi a omasulira a malonda, koma pakati pa ophunzira mbiri, ku sukulu yaikuru ya ku Tokyo, ku Sophia University ya Ajesuiti kumene asunga mabuku a Akristu akale, ku Seville ndi ku Mexico. Ndipo kawirikawiri agwira awiri, wina kuwerenga dzanja, wina kumasulira, pakuti mutu umodzi susenza denga. M'2013 bungwe la UNESCO linalemba makalata a ulendo wa Hasekura m'kaundula wa zinthu zoyenera kukumbukidwa ndi dziko lonse lapansi, Japan ndi Spain atapempha pamodzi.

Wina angafunse kuti nanga ife a ku Malawi, a ku Chipata ndi a ku Tete, zimenezi zitikhudza bwanji? Zitikhudza kwambiri, pakuti mbiri yathu nayo iri m'nyumba za ena. Apwitikizi anatilemba Maravi, ndipo Gamitto, amene anadutsa m'maiko a makolo athu m'1831 ndi 1832 ponka kwa Kazembe, analemba Chevas. Makalata a mishoni za Blantyre ndi Livingstonia ali ku National Library of Scotland ku Edinburgh, ulendo wa ora limodzi pa sitima kucokera kuno. M'makalatamo amishoni alemba zimene mafumu ananena, koma mau a mafumuwo anadzera pakamwa pa Tom Bokwito, amene anayenda ndi Henry Henderson pofuna malo a Blantyre m'1876, ndi pa William Koyi wa ku Lovedale, amene Cixhosa cace cinamveka kwa Angoni a M'mbelwa, namwalira pa Njuyu m'1886.

Ndipo mau athu nao asenza zaka. Mwana wathu wobadwira kuno, wolankhula Cicewa cabwino, mukamfunsa tanthauzo la thangata adzati ndi kuthandiza, ndipo sanalakwe, pakuti pa ciyambi linali liu la kulimizana m'munda. Koma pa minda ya Azungu ku Magomero ndi ku Thyolo thangata inali nchito yokakamiza yolipirira pokhala, ndipo inali imodzi ya nkhani zowawa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe m'1915. Mthandizi, kwa agogo athu, sanali munthu wokoma mtima, koma bungwe lolemba anthu nchito za ku Southern Rhodesia. Wenela, cibaro, machona, onsewa ndi mau amene mkuru wa zaka 80 angawachule pamaso pa dokotala kapena loya pofotokoza za moyo wace, ndipo womasulira wacinyamata adzawapereka opepuka. Mpingo ukamasankha wopita ndi nkhalamba ku cipatala kapena ku ofesi, usayang'ane Cingerezi cokha; ufunsenso ngati munthuyo adziwa za kale, ndiponso ngati alibe cace pa nkhaniyo.

Buku lakale lomasulira mau a cinenero cathu silinalembedwere kwathu konse. Mmishoni wa ku Germany, Johannes Rebmann, pokhala pa Kisulutini kufupi ndi Mombasa, anapeza kapolo dzina lace Salimini, wogwidwa kumadzulo kwa nyanja yathu, ndipo m'zaka za 1853 ndi 1854 anakhala naye pansi alikulemba mau ace, miyambi yace ndi makhalidwe a kwao. Bukulo linasindikizidwa m'1877, Rebmann atamwalira, ndipo cinenerocho anacicha Kiniassa. Kalembedwe kace ndi ka makutu a Mjeremani wozolowera Ciswahili, kotero kuti Mcewa wa lero polisanthula ayamba wadodoma asanazindikire mau a kwao. Ophunzira a masiku ano anatenga maina a midzi, mitsinje ndi mafumu amene Salimini anachula, nawalondola limodzi limodzi, napeza kuti kwao kunali m'cigawo ca pakati ca Malawi, kufupi ndi Lilongwe.